Kusanza ndi Kupota M'mimba Kobwerezabwereza Koma Matenda Osapezeka: Mafunso ndi Mayankho

Tsambali ndi la anthu amene akhala akusanza ndi kumva kupweteka m'mimba kwa miyezi kapena zaka, apita kuchipatala kangapo, abayidwa pachala kuyezedwa malungo, apatsidwa omeprazole ndi magineziyamu, koma mpaka lero palibe wawauza dzina la matenda awo. Ndi la magadiyani awonso. Silikulowa m'malo mwa dokotala amene wakugwirani pamimba ndi manja ake. Cholinga n'choti mukafika kuchipatala ku Mapale, ku St John's, ku Ekwendeni kapena ku Mzuzu Central mukhale ndi zonena zimene zingathandize kuti vutolo lipezeke.

Ndayezedwa kangapo ndipo akuti zonse zili bwino. Ndiye kuti ndikungodziganizira?

Ayi. Choyamba funsani kuti "zonse" zimenezo ndi ziti. Kuchipatala chaching'ono kawirikawiri amayeza malungo, kuchuluka kwa magazi, mkodzo, mwina shuga ndi chimbudzi. Zoyeza zimenezi n'zofunika, koma sizingaone mwala m'ndulu, chilonda m'chifu kapena matumbo amene anamatirirana pambuyo pa opaleshoni.

Chachiwiri ndi tsiku limene munayezedwa. Ambiri amapirira kunyumba pamene zavuta, n'kupita kuchipatala atapezako bwino, popeza ndi pamene angathe kukwera kabaza ndi kukhala pamzere. Koma matenda ena amaoneka m'magazi pa nthawi yokhayo imene akupweteka. Kutupa kwa kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulini, kumakweza timadzi togaya chakudya totchedwa amylase ndi lipase m'magazi kwa masiku ochepa, kenako manambala amabwerera m'malo. Matumbo amene amatsekeka n'kumatseguka okha amaoneka pa X-ray ya tsiku limene atsekeka lokha. Ngati n'kotheka, pitani zikadali pachimake.

Chachitatu, pali matenda enieni amene alibe choyezera chilichonse. Amadziwika ndi kachitidwe kake: amayamba nthawi yanji, amatha masiku angati, pakati pake munthu amakhala bwanji. N'chifukwa chake tikakamira kwambiri nkhani ya kope m'munsimu.

Ndi zizindikiro ziti zimene sindiyenera kudikira nazo kuti kuche?

Munthu amene wazolowera kusanza amayamba kuona ngati kusanza kulikonse ndi komwe kuja. Apa ndi pamene ngozi imabisala. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukasanza magazi kapena zinthu zakuda zonga zotsalira za khofi pansi pa kapu, kapena chimbudzi chikakhala chakuda bii, chomata ndi chonunkha kwambiri. Mapiritsi owonjezera magazi nawo amadetsa chimbudzi, koma sachimatitsa chotero.

Thamangani ngati mimba yafufuma n'kulimba ngati ng'oma ndipo simukuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya. Kupotokola kwa matumbo aakulu kumachitika kawirikawiri mwa abambo kuno ku Malawi, ndipo matumbo opotokola amafa m'maola ochepa. Chimodzimodzi chotupa cha pamchombo kapena m'mphechepeche, chimene madokotala amati hernia, ngati chinkabwerera mukachidinikiza koma lero chakana ndipo chikupweteka. Masanzi obiriwira ngati msipu mwa khanda ndi nkhani ya opaleshoni mpaka dokotala atatsimikiza kuti ayi.

Zina ndi izi: maso achikasu, kutentha thupi limodzi ndi ululu, kutha maola 8 osakodza, kubalalika mutu kapena kugona kosadzuka, mutu wopweteka kwambiri m'mawa pamodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, ndiponso ululu wa mbali imodzi m'munsi mwa mimba kwa mayi amene wadumphitsa msambo.

Palinso zimene si za usiku womwewo koma zosayenera kupitirira sabata: kuonda popanda chifukwa, kukhuta msanga mutangodya nthongo ziwiri zitatu, ndi nsima kuima pachifuwa pomeza. Chomalizachi musachichepetse. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo imayamba chonchi: nyama imakana kutsika, kenako nsima, kenako phala.

Mukuti ndizilemba m'kope. Ndizilemba chiyani?

Gulani kope la sukulu, likhale la nkhani imeneyi yokha. Tsiku lililonse limene mwadwala lembani deti, ola limene zayamba ndi ola limene zatha. Lembani kuti mwasanza kangati, ndipo masanziwo anali otani: madzi okha, achikasu, obiriwira, chakudya chimene mwangodya kumene, kapena chakudya cha dzulo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Munthu amene madzulo akusanza nyemba zimene anadya dzulo masana, zosagayika ndi zonunkha chowawasa, ndiye kuti chifu chake sichikutsitsa chakudya, mwina chifukwa potulukira pake pachepa ndi chipsera cha chilonda kapena chotupa, mwinanso chifukwa shuga waononga mitsempha ya chifu.

Lozani ndi chala chimodzi pamene pakupweteka ndipo lembani malowo. Pansi pa nthiti za kumanja, ululu woyamba mutadya za mafuta ngati chipisi cha pachiwaya, kanyenya kapena mang'ina, wotha mphindi 30 mpaka maola angapo, wokwera kuphewa la kumanja, umaloza ku ndulu. Wa pakati pamwamba pa mchombo wobowola mpaka kumsana, umene umachepako mukakhala chowerama, umaloza ku kapamba, makamaka kwa omwa kachasu. Wonyeketsa pamene muli ndi njala, wokudzutsani cha m'ma 2 koloko usiku n'kuchepa mukadya, umaloza ku chilonda.

Onjezani zimene munadya ndi kumwa tsiku limenelo ndi dzulo lake, mankhwala onse kuphatikizapo a pagolosale ndi azitsamba, mmene munagonera, ndipo kwa amayi, tsiku limene msambo unayamba. Kamodzi pamwezi kwerani sikelo imodzimodziyo n'kulemba. Kutsika ndi makilogalamu 3 kwa munthu wa makilogalamu 60 m'miyezi 6 osafuna n'chinthu choti dokotala amve.

Ndipo lembaninso masiku amene muli bwino. Ambiri amaiwala zimenezi, chonsecho funso loti "pakati pake mumachira kotheratu kapena nseru imakhalapobe?" ndi limene limasiyanitsa matenda ambiri. Miyezi 2 kapena 3 ya kope lotere imanena zambiri kuposa kuyezedwa malungo kachisanu.

Aliyense amati ndi maalsa. Ndamwa omeprazole miyezi yambiri koma palibe kusintha. Chifukwa chiyani?

Pali zifukwa zinayi zimene timaziona kawirikawiri.

Mwina mukumwa molakwika. Omeprazole amagwira bwino akamwedwa mphindi 30 musanadye chakudya cha m'mawa, tsiku lililonse, osati pamene ululu wayamba ngati Panado.

Mwina chilondacho chilipodi koma gwero lake silinachotsedwe. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakatulukira mu 1982, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2005. Omeprazole yekha amangochepetsa asidi, kachilomboko sakapha. Pamafunika mankhwala atatu kwa masiku 14: omeprazole wa 20 mg kawiri patsiku, amoxicillin wa 1 g kawiri patsiku, ndi clarithromycin kapena metronidazole. Anthu ena amasiyira panjira chifukwa metronidazole amawawitsa m'kamwa ndi kuchititsa nseru, ndiye kachilomboko kamatsala, kolimba kuposa kale. Mowa ndi metronidazole siziyenderana; mudzasanza koopsa.

Mwina mukuputa chilondacho ndi mankhwala ena, zimene tikamba m'funso lotsatira.

Kapena si chilonda n'komwe. Ngati mwamwa omeprazole moyenera kwa masabata 4 mpaka 8 osasintha, kuonjezera mwezi wina sikuthandiza. Yakwana nthawi yopempha sikani kapena kuunika ndi kamera.

Za kuyeza kachilomboka, dziwani ichi: kuyeza magazi kumangosonyeza kuti munakumanapo nako, ndipo kumatha kusonyezabe kuti kalipo patapita zaka mutachira. Kuyeza chimbudzi ndi kumene kumanena za lero, koma muyenera kukhala mutasiya omeprazole kwa masabata 2 ndi maantibayotiki kwa masabata 4, apo ayi kachilomboko kamabisala ndipo zotsatira zimanama.

Mkaka umene ambiri amamwa kuti aziziritse m'mimba umathandiza kwa kanthawi, kenako umachititsa chifu kutulutsa asidi wina.

Ululu ukafika ndimamwa Bufen kapena Indocid. Pali vuto?

Lalikulu. Ibuprofen (Bufen), indomethacin (Indocid), diclofenac ndi aspirin amachotsa chitetezo cha khungu la m'kati mwa chifu, ndipo ndiwo gwero lachiwiri la zilonda. Kwa munthu amene wasanza mpaka madzi kuchepa m'thupi amapwetekanso impso. Werengani papaketi ya mankhwala a mutu ndi a chimfine a pagolosale, chifukwa ena ali ndi aspirin m'kati. Panado ndiye wabwino: mapiritsi 2 a 500 mg pa maola 6 aliwonse kwa munthu wamkulu, osapitirira 8 pa tsiku, ndipo ochepera apo kwa womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi.

Nthawi iliyonse ndikapita kukiliniki amandipeza ndi taifodi. Ingamabwerere chonchi?

Kayikirani. Taifodi ndi matenda otentha thupi kwa masiku ambiri motsatizana. Munthu amene akusanza popanda kutentha thupi, n'kuchira pa masiku awiri, n'kuyambiranso mwezi wamawa, sizikufanana nayo. Kuyeza kwa Widal kumene kumachitika m'malo ambiri kumatha kusonyeza kuti matenda alipo mwa munthu amene anadwalapo kale, amene ali ndi malungo, ngakhale amene ali bwinobwino. Chotsimikizira ndi kumeretsa tizilombo ta m'magazi kulabu. Kuipa kwake n'koti mumamwa ciprofloxacin kachitatu kachinayi pachaka, m'mimba n'kusokonezeka kwambiri, vuto lenileni lili phee.

Ndimasanza koopsa masiku awiri, kenako ndimakhala bwinobwino mwezi wathunthu. Matenda otere alipo?

Alipo, ndipo madokotala amawatcha cyclic vomiting syndrome, kutanthauza kusanza kobwera mozungulira. Dokotala wa ku London, Samuel Gee, anawafotokoza mu 1882 mwa ana, koma akuluakulunso amadwala. Chizindikiro chake n'choti ulendo uliwonse umafanana ndi unzake ngati mapasa. Kwa ambiri zimayamba m'bandakucha: nseru, thukuta, kutumbuluka, kenako kusanza kangapo pa ola limodzi mpaka kutuluka ndulu yokha, m'mimba mukupota, kuwala ndi phokoso zikunyansa. Zimatha maola angapo mpaka masiku ochepa, osafika sabata, ndipo zikatha munthu amadzuka n'kupempha nsima ngati palibe chachitika. Kwa wamkulu, dokotala amawaganizira ngati zachitika katatu kapena kuposa m'chaka chimodzi, motalikirana sabata kapena kuposa, ndipo zoyeza zina sizinapeze kanthu.

Matendawa ndi pachibale ndi mutu waching'alang'ala. Funsani kwanu ngati mayi anu, azakhali kapena achemwali anu amadwala mutu wa mbali imodzi, ndipo mukamuuze dokotala. Zoputa zake n'zofanananso: kuchezera usiku kumaliro kapena powerengera mayeso, kukhala ndi njala nthawi yaitali monga posala kudya, msambo, chimfine, nkhawa, ngakhale chisangalalo chachikulu ngati ukwati.

Chithandizo chilipo ndipo si chodula. Amitriptyline womwa usiku uliwonse, kuyambira mulingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, amatalikitsa maulendowo mwa anthu ambiri. Propranolol amagwiritsidwanso ntchito, koma osati kwa odwala mphumu. Ena akaona kuti amitriptyline amaperekedwanso kwa odwala matenda a nkhawa amakhumudwa kuti dokotala akuwayesa amisala. Si choncho, pano akugwira ntchito pa mitsempha yolumikiza ubongo ndi m'mimba. Amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa masabata oyambirira, ndipo phindu lake limaoneka pakatha mwezi kapena iwiri. Musadzigulire nokha, ndipo muwasunge kutali ndi ana, chifukwa akachuluka amaimitsa mtima.

Ndikasamba madzi otentha kwambiri ndimapezako bwino. Zikutanthauza chiyani?

Funso limene dokotala ayenera kukufunsani apa ndi la chamba. Kusuta chamba pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka kumatha kuyambitsa kusanza kofanana ndendende ndi kumene tafotokoza pamwambapa, ndipo odwala ake amadziwika ndi kusamba madzi otentha kangapo patsiku, mpaka makala kutha m'nyumba. Chosokoneza n'choti chamba chimachepetsa nseru kwa kanthawi, ndiye wodwala amasuta kwambiri poganiza kuti ndi mankhwala. Njira ndi imodzi: kusiyiratu, osati kuchepetsa, ndipo pangatenge masabata kapena miyezi kuti muone kusintha. Nenani zoona kuchipatala. Ntchito ya dokotala si ya apolisi. Amene akulephera kusiya yekha angapemphe thandizo ku St John of God konkuno ku Mzuzu. Koma kusamba madzi otentha pakokha si umboni, popeza ena osasuta amapezanso mpumulo momwemo.

Ndili ndi shuga, kapena ndimamwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Zikugwirizana?

Zingagwirizane kwambiri. Metformin amachititsa nseru ndi kutsegula m'mimba, makamaka akamwedwa musanadye. Imwani pakati pa chakudya. Masiku amene mukusanza osatha kumwa madzi, metformin amayamba waimitsidwa, koma insulini ya wodwala shuga wobaya saisiya. Wodwala shuga amene akusanza, akumva ludzu kwambiri ndi kupuma mozama apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa amene ali pa ma ARV a 13A, amene m'kati mwake muli dolutegravir ndi tenofovir, pali msampha umene ambiri sauzidwa. Magineziyamu woziziritsa m'mimba amagwira dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Imwani ARV maola 2 musanamwe magineziyamu, kapena maola 6 mutamwa. Mukasanza pasanathe mphindi 30 mutamwa piritsi, kapena mwaliona m'masanzi, imwani lina. Ngati izi zikuchitika kawirikawiri, kaneneni kukiliniki ya ART musanafike tsiku lanu, ndipo mupemphe kuyezedwa impso, popeza tenofovir amatha kuzivulaza ndipo impso zofooka zimasanzitsa.

Mankhwala a TB amatha kupweteka chiwindi. Kusanza pamodzi ndi maso achikasu ndi chifukwa chobwerera kuchipatala tsiku lomwelo. TB yeniyeniyo imagwiranso m'mimba popanda kutsokomola: mimba kudzaza madzi, thukuta la usiku, kuonda. Ikagwira tiziwalo ta pamwamba pa impso, munthu amafooka, BP imatsika, amalakalaka mchere, khungu ndi nkhama zimada, ndipo amasanza mobwerezabwereza. Matenda amenewa amaphonyedwa kawirikawiri, chonsecho sodium ndi potassium wa m'magazi amatha kupereka chithunzi.

Doxycycline, erythromycin ndi mapiritsi owonjezera magazi nawonso amasanzitsa.

Ndimapita kunyanja kawirikawiri ku Nkhata Bay. Likodzo lingachite zimenezi?

Mtundu wina wa likodzo sukodzetsa magazi. Umakhala m'matumbo ndi m'chiwindi, ndipo pakapita zaka umatupitsa mitsempha ya kummero imene imatha kuphulika. Uzani dokotala kuti mumasamba kapena kuchapa m'nyanja. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amaperekedwa potengera kulemera, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, ndipo amwedwe mutadya.

Zikayamba kunyumba ndichite chiyani?

Chimene chimagonetsa anthu m'chipatala si kusanza kwenikweniko koma kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Khalani ndi mapaketi a Thanzi ORS m'nyumba nthawi zonse, osadikira kuti mudwale. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, ndiko kuti mabotolo awiri a madzi a 500 ml, kapena theka la botolo la Sobo la malita 2. Musachepetse madzi kuti "akhale amphamvu". Mchere ukachuluka umasanzitsa ndipo kwa mwana ndi woopsa. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Mukalawa asapose misozi kuwawa mchere. Zotsala pakatha maola 24 tayani.

Cholakwika chofala ndi kugugudiza kapu yonse chifukwa cha ludzu. Chifu chokwiya chikatambasuka chimabweza zonse. Mukasanza dikirani mphindi 10, kenako yambani ndi supuni yaikulu imodzi pa mphindi 5 zilizonse. Ola likatha osasanza, wirikizani kawiri. Mwana mumpatse supuni ya tiyi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa pafupipafupi. Madzi ozizira amatsika bwino kuposa ofunda. Fanta ndi Coca-Cola ali ndi shuga wambiri koma mchere alibe, choncho salowa m'malo mwa Thanzi.

Gonani chammbali m'chipinda chamdima, beseni pafupi, kutali ndi fungo la kukhitchini. Gadiyani aziyang'ana mkodzo: ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kapena wodwala akuchita chizungulire akaimirira, kapena miyendo ikukokana ndi kufooka, zimene zimasonyeza kuti potassium watsika, yakwana nthawi ya diripi. Musadikire tsiku lachitatu.

Nanga mankhwala oletsa kusanza?

Metoclopramide wa 10 mg amamwedwa mpaka katatu patsiku, osapitirira masiku 5. Mwa achinyamata, makamaka atsikana, amatha kukhotetsa khosi, kutembenuza maso m'mwamba ndi kuumitsa nsagwada, moti achibale amaganiza kuti ndi khunyu kapena ziwanda. Ndi mankhwalawo, kuchipatala kuli jakisoni wothetsa zimenezi msanga, ndipo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala kuti musadzapatsidwenso. Promethazine amagonetsa, choncho woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto asagwire chiwongolero, ndipo saperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 2. Ondansetron amagwira bwino koma amadzimbitsa. Onsewa amathandiza kwambiri akamwedwa nseru itangoyamba; mukayamba kusanza piritsi silikhala. Ndipo ngati mimba yafufuma, chimbudzi sichikutuluka, musamwe metoclopramide, chifukwa amakankha matumbo otsekeka.

Ndizidya chiyani? Ena akuti ndisiye nyemba, ena tomato, ena nsima ya mgaiwa.

Mukamvera aliyense mudzatsala ndi phala la madzi, n'kuonda chifukwa cha njala osati matenda. Siyani chakudya chimene kope lanu lasonyeza kuti chakuputani kangapo, chimodzi pa nthawi, kwa masabata 2, kenako muchiyesenso. Zimene zimavutitsa ambiri ndi mafuta ochuluka, mowa, fodya, tsabola wa kambuzi ndi khofi wa m'mimba yopanda kanthu.

Mukangochira yambani ndi phala la ufa woyera lopepuka, mpunga wofewa, mbatata yophika, nthochi yakupsa imene imabwezeretsa potassium, ndi msuzi wa nkhuku wouyengula mafuta. Idyani pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku m'malo mwa mbale ziwiri zodzaza. Ngati chilungulira chimakuvutani usiku, papite maola 3 pakati pa mgonero ndi kugona, ndipo ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu kuti ikwere masentimita 15. Mapilo ambiri amangopinda mimba.

Okonda kondowole asamale gwero la ufa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide amene amachoka ponyika m'madzi masiku angapo mpaka chitafewa, kenako n'kuchiyanika chiume bwino. Nthawi ya njala kapena ya mvula yosalekeza anthu amafupikitsa ntchitoyi. Ngati a m'nyumba angapo akumva chizungulire, mutu ndi kusanza patangopita maola ochepa mutadya, ganizirani ufawo.

Akuti ndikaunikidwe ndi kamera. Zimakhala bwanji?

Ndi kapaipi kofewa konenepa ngati chala, kokhala ndi kamera kunsonga, kamene amakalowetsa kukamwa mpaka m'chifu. Amapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, mumagona chakumanzere, ndipo kawirikawiri zimatha m'mphindi 10 kapena 15. Sikatseka njira ya mpweya. Mumapuma bwinobwino, kungoti mumageya ndi kumva ngati musanza. Musadye kwa maola osachepera 6, apo ayi adzangoona nsima n'kukubwezani. Funsaniretu ngati muyenera kusiya omeprazole. Akatenga kanyama kokayeza, funsani tsiku ndi malo okatengera zotsatira, ndipo mukazilondole nokha.

Sikani ya pamimba nayo imafuna maola 6 osadya, chifukwa mukadya ndulu imafinyika ndipo miyala sioneka. Dziwaninso kuti sikani siiona chilonda cha m'chifu, ndipo kamera siiona ndulu. Kukhala bwino kwa chimodzi sikutseka nkhani ya chinzake.

Kwathu akuti ndinadyetsedwa, ndipite kwa sing'anga.

Matenda opanda dzina amaitana mayankho ambiri, ndipo achibale amene akunena zimenezi akufuna muchire. Zoti mupite kapena ayi ndi zanu. Chimene tikuchenjeza ndi chomwa. Mankhwala osanzitsa ndi otsegula m'mimba amene amati akutulutsa chodyetsedwacho amamaliza madzi ndi potassium mwa munthu amene watha kale, ndipo zitsamba zina zimaononga chiwindi ndi impso. Kukakamiza kusanza kumathanso kung'amba kummero n'kutulutsa magazi. Ngati mwamwa kale, nenani kuchipatala, ndipo tengani botololo.

Kwa amayi ndi ana pali zosiyana?

Mayi aliyense wa msinkhu wobereka ayezedwe mimba zikayamba, ngakhale ali pa jakisoni kapena ali ndi kachingwe ka pamkono. Ngati kope likusonyeza kuti ululu ndi kusanza zimabwera ndi msambo mwezi ndi mwezi, pemphani kuonana ndi dokotala wa amayi. Amene anachitidwa opaleshoni pobereka atchule zimenezo, popeza zipsera za m'kati zimatha kumanga matumbo patapita zaka zambiri. Omwa mapiritsi olera akasanza pasanathe maola 2 amwe lina.

Kwa mwana yang'anani sikelo ndi msinkhu. Mwana amene akukula bwino ndi kusewera pakati pa maulendo a kusanza amadetsa nkhawa pang'ono kusiyana ndi amene waima kukula. Kudzimbidwa ndi gwero lofala la kupweteka m'mimba mwa ana, ndipo makolo sadziwa chifukwa mwana wa zaka 8 safunsidwanso za kuchimbudzi. Njoka za m'mimba zimathetsedwa ndi albendazole wa 400 mg kamodzi kwa mwana woposa zaka 2. Mwana wotumbuluka, wa maso achikasu, wopweteka mafupa ayezedwe sickle cell. Amene amadwala Lolemba m'mawa koma Loweruka ali bwino sakunama ayi. Ululuwo ndi weniweni, koma fufuzani zimene zikuchitika kusukulu.

Mano anga ayamba kuchita dzanzi ndi kuphwanyika.

Ndi asidi wa m'masanzi. Musatsuke ndi mswachi mutangosanza, chifukwa mumakhala mukupala mano ofewa. Chukuchani ndi madzi, kapena madzi a kapu imodzi othira supuni ya tiyi ya soda wophikira, mulavule, ndipo mswachi udikire pafupifupi ola limodzi.

Ndingatani kuti dokotala andimvetse, poti pamzere pamakhala anthu ambiri?

Muli ndi mphindi zochepa, ndiye chiganizo choyamba chikhale cholemera. Mukati "m'mimba mukundipweteka" mutuluka ndi magineziyamu. Nenani motere: "Adokotala, aka n'kachisanu ndi chimodzi chaka chino. Zimayamba 4 koloko m'mawa, ndimasanza koposa ka 10, zimatha masiku awiri, pakati pake ndimakhala bwino. Ndatsika makilogalamu 4. Omeprazole ndamwa miyezi iwiri osasintha." Kenako perekani kope.

Gwiritsani ntchito buku limodzi la kuchipatala. Anthu ambiri ali ndi mabuku atatu, lina la kukiliniki ya ku Chibavi, lina la ku Luwinga, lina anagula atayiwala loyamba, ndipo dokotala aliyense amayambira pa malungo ngati ndinu watsopano. Amangeni pamodzi, mumate zotsatira zonse m'katimo, ndipo muzijambule pafoni poopa mvula ya kuno. Yesetsani kubwerera pamalo amodzi, kwa munthu mmodzi ngati zingatheke.

Musanatuluke funsani mafunso atatu: mukuganiza kuti ndi chiyani, ndi matenda ati amene tawachotsa kale, ndipo mankhwalawa akapanda kugwira pofika tsiku lakuti tidzachita chiyani. Pemphani kuti mayankhowo alembedwe m'buku. Ngati mwabwera katatu ndi vuto lomwelo, pemphani kalata yokutumizani ku Mzuzu Central kukaonana ndi dokotala wa matenda a akuluakulu kapena wa maopaleshoni, ndipo kalatayo itchule zimene zayezedwa kale ndi mankhwala amene alephera. Pemphaninso kakalata kena kachidule ka kuntchito kapena kusukulu konena kuti vutoli limabwera mwadzidzidzi ndipo likufufuzidwa, kuti musamayambe kufotokoza pachiyambi nthawi iliyonse imene mwajomba.